Midzi Yambiri, Mafuta Ochepa: Mawu a pa Msonkhano wa Kalabu

Mwandipempha kuti ndifotokozeko za makompyuta ophunzira kusankha njira, ndiye tiyambe ndi samu.

Tinene kuti galimoto ya katemera yanyamuka pa boma la Chifunde kukazungulira midzi 5. Dalaivala angathe kuisanja midziyo m'njira 120 zosiyana. Midzi ikakhala 10, njirazo zimakwana 3,628,800. Ikafika 15, zimapitirira 1,300,000,000,000. Komatu mafuta ndi ochepa, ndipo katemera sagwirizana ndi kutentha. Nanga ayambire mudzi uti? Midzi ikamachuluka, ngakhale kompyuta yamphamvu dzuwa limailowera isanathe kuyesa njira zonse.

Apa taganizani za mkulu wodziwa bawo. Sawerenga dzenje lililonse ayi. Maso ake amangothamangira pa maenje awiri kapena atatu, chifukwa wasewera zaka zambiri. Nzeru imeneyi ndiyo akatswiri akuphunzitsa makina.

Mu 1997, kompyuta ya IBM yotchedwa Deep Blue inagonjetsa katswiri wa chess, Garry Kasparov, poyesa mayendedwe pafupifupi 200 miliyoni pa sekondi imodzi. Iyo inadalira kwambiri liwiro. Mu 2016, AlphaGo ya kampani ya DeepMind ya ku London inapambana Lee Sedol 4 kwa 1 pa masewera a Go ku Seoul. Iyi inayamba yaphunzira pa masewera ochuluka zedi mpaka kumazindikira poyenda pabwino, kwinako n'kusiya osataya nako nthawi. Lero ofufuza akuyesa nzeru yomweyi posanja maulendo a magalimoto onyamula katundu.

Koma abale anga, kompyuta imaphunzira zokhazo zimene yapatsidwa. Mapu akaiuza kuti msewu ulipo, pamene mtsinje wa Luia wasefukira kapena kamlatho kakokoloka cha ku Mualadzi, idzasankha njira yachidule yosadutsika. Fodya ndi chimanga zidzanyowera panjira, mwana n'kuphonya katemera. Kuno kompyuta ndi mlendo, ndipo akulu anati safunsa anadya phula.

Pempho langa ndi ili: kalabu iliyonse ikhale ndi kope. Tizilembamo tsiku, dzina la msewu kapena mtsinje, ndi masiku amene galimoto zalephera kudutsa, kenako tizitumiza ku wailesi. Dzinja lino zithandiza madalaivala ndi azaumoyo. Makinawo akadzafika kwathu kuno, adzapeze pophunzirira polembedwa ndi eni dera. Ndani ayambe kusunga kope la kalabu yathu?