KUWERENGA MITU SIKUKWANIRA

Aphunzitsi anzanga, mwini khola awerenga ng'ombe zace madzulo, ndipo akaona kuti zakwana agona tulo. Koma kuli kuwerenga kwina kumene ndifuna tikambirane lero, ndiko kuyesa ngati nyama za gulu limodzi zisiyana m'cibadwa cao, kapena zafanana zonse monga ana a mimba imodzi.

Nyama iri yonse ilandira malangizo a cibadwa cace pawiri, mbali imodzi kwa tate, inzace kwa mace. Tsono anthu ophunzira atenga mwazi wa nyama zambiri, nayang'ana malo amodzimodzi m'malangizowo, nawerenga kangati mbali ziwirizo zisiyana. Zikasiyana kawirikawiri, gululo liri ndi posungira mphamvu. Pakuti nthenda ikadza, zina zidzafa koma zina zidzapirira.

Taonani kakwiyo, cirombo camawanga cija ca liwiro loposa nyama zonse za pamtunda, cimene cipezeka ku Kafue ndi ku Liuwa. M'caka ca 1983 Stephen O'Brien ndi anzace analengeza kuti anapima mwazi wa akakwiyo 55 a ku South Africa pa malo 47, osapeza kusiyana ngakhale pamodzi. Pofuna kutsimikiza, anadula kacikopa ka kakwiyo wina nakasokerera pa mnzace wosakhala mbale wace. Thupi la mphaka wa m'nyumba likana cikopa cacilendo m'masabata awiri; koma matupi a akakwiyo sanafulumire kucikana, anacilandira ngati caocao. Zaka zomwezo nthenda ya amphaka inalowa m'malo osungira nyama ku Oregon, ku America, nipha akakwiyo oposa theka, pamene mikango ya pomwepo inapulumuka. Ophunzira aganiza kuti zaka ngati 10,000 zapitazo mtunduwo unatsala pang'ono kutha, ndipo a lero onse acokera mwa owerengeka amene anatsalawo. Kuwerenga DNA kwa masiku ano kwabvomereza kufanana kwaoko.

Ndisakunamizeni: si bvuto lokhali. Ku Serengeti ana ambiri a kakwiyo aphedwa ndi mikango ndi afisi, ndipo anthu alanda thengo lao.

Ife tiribe zopimira mwazi m'sukulu zathu, koma nkhuku tiri nazo. Tumani ana a kalasi lalikulu awerenge za m'mudzi mwao: zingati zometa khosi, zingati za nthenga zotembenuka, zingati za tsumba, ndiponso afunse eni ace kumene tambala anacokera. Maonekedwe ndiwo muyeso wosalongosoka, ndidziwa, koma ndi poyambira. Citopa cikadutsa, awerengenso zotsala, nalembe m'buku lomwelo.