Kafukufuku wa chitukuko: tikuwerenga yani?

 Anthu ochita kafukufuku akafika m'mudzi, ambiri mumafunsa kuti: “Bwanji alowa m'nyumba ya auje, yanga n'kuidumpha?” Ndaima pano kuti ndiyankhe funso limeneli.

Kafukufuku aliyense amayamba ndi kutchula gulu lonse limene akufuna kulidziwa. Gululi silikhala anthu onse a m'dziko nthawi zonse. Likhoza kukhala ana osapitirira zaka zisanu a m'wodi muno, mabanja olima chimanga, ngakhalenso mijigo ya m'dera la mfumu yaikulu. Chofunika n'chakuti malire ake adziwike: ndani ali mkati, wa kudera liti, pa nthawi iti.

Gulu lonse likawerengedwa mmodzimmodzi, ameneyo ndiye kalembera. Ofesi yoona za chiwerengero ya National Statistical Office, yomwe likulu lake lili ku Zomba, inachita kalembera wotere mu 2018 ndipo inapeza anthu 17,563,749. Ntchitoyi imadya ndalama zambiri, n'chifukwa chake imachitika pakapita zaka pafupifupi khumi. Pakati pa zakazi, ofufuza amasankha kagulu ka mabanja kuti kaimire onse.

Amayi akudziwa bwino zimenezi. Pofuna kumva ngati mchere wakolera, salawa mphika wonse. Chipande chimodzi chimakwana, bola ayambe atakasa ndiwozo. Pa kafukufuku, kutakasako ndiko kusankha mwamaere kuchokera pa mndandanda wa nyumba zonse, kuti ya kumsewu ndi ya kuseri kwa phiri zikhale ndi mwayi wofanana. Choncho nyumba yanu ikadumphidwa si tsankho, ndipo yosankhidwayo sikuti yalembedwa kuti ilandire feteleza kapena Mtukula Pakhomo.

Ngozi yeniyeni ili pa mndandandawo. Mudzi ukaiwalika polemba nyumba, maere sangaugwere, ndipo zotsatira sizidzanena kanthu za iwo. Ofufuza akangofunsa amayi obwera kusikelo, amva za amene amatha kufika kuchipatala. Amene mtsinje umawatsekereza m'dzinja sadzamveka, pomwe ndiwo ofunika mlatho. Ziwerengero zimenezi ndi zomwe khonsolo imayang'ana polemba ndondomeko ya chitukuko cha boma lino, yomwe imaonetsa kofunika mjigo, chipinda chophunziriramo kapena chipatala chaching'ono.

Pempho langa lili patatu. Mafumu ndi makomiti a VDC, onetsetsani kuti nyumba iliyonse yalembedwa, kuphatikizapo za obwera kumene ndi za agogo okhala okha. Eni nyumba, musabise mwana wolumala, musawonjezerenso anthu poyembekezera thandizo, pakuti yankho lanu likuimira mabanja ambiri amene sanafunsidwe. Pomaliza, wina akakuuzani kuti kafukufuku wapeza zakutizakuti, mufunseni mwaulemu kuti anafunsa yani, ndipo anawasankha bwanji.