Mkuwa Unatha, Anthu Alipo: Mawu Okumbukira Makolo Athu ku Mhangura



Tauni ino ya Mhangura, m'boma la Makonde kuno ku Zimbabwe, inabadwa chifukwa cha mkuwa. Dzina lakelo ndi liwu la Chishona lotchulira mkuwawo, ngakhale Azungu ankalilemba kuti Mangula kufikira chaka cha 1982. Pamene kampani ya Messina inatsegula mgodi m'zaka za m'ma 1950, inali nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo amuna ochokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique anadzalembedwa ntchito pano. Njira yobwerera kuno inali yakale: ena ankayenda pansi kudzera ku Tete n'kuwoloka Zambezi, ena ankakwera malole a Ulere, enanso ankalembedwa ndi Mthandizi. Chowachotsa kwawo chinali msonkho ndi kusowa kwa ntchito ya malipiro.

Sanabwere chimanjamanja. Monga m'migodi ina ya dziko lino, m'komboni munamveka Chichewa, Chiyao ndi Chitumbuka. Gule wamkulu, amene eni dziko amamutcha zvigure, ankaperekeza maliro, ndipo anthu ankasonkherana kuti womwalira kutali ndi kwawo aikidwe mwaulemu. Ambiri anakwatira konkuno, nakhala matchona.

Mgodi unatsekedwa m'chaka cha 2000, mtengo wa mkuwa utagwa. Amene anali ndi mudzi anabwerera kumudzi. Koma ana a matchona analibe munda wa makolo m'dziko lino, ndipo ku Dedza kapena ku Mangochi kunalibe wowadziwa. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri opanda dziko lotchula kuti kwawo. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira muno amene kholo lawo linachokera m'maiko a SADC, komabe alipo pakati pathu amene mpaka lero alibe chitupa.

Choncho pempho lathu ndi ili. Agogo amene analowa pansi pa mgodi atsala ochepa. Pitani mukakhale nawo pamphasa, muwafunse mudzi wawo, mfumu yawo, mfunda wawo ndi chaka chimene anafika, ndipo mulembe zonsezo. Wopanda chitupa mumuperekeze ku ofesi ya kalembera. Ana muziwayankhula m'chinenero cha makolo, osachita manyazi. Mbiri ya mgodi inalembedwa m'mabuku a kampani; mbiri ya anthu amene anaukumba ikudikira ife kuti tiilembe.