Mibulu ya prednisolona sitisiya tsiku limodzi

Ine ndine mmodzi wa ma activista a zaumoyo amene timayenda m'midzi. Sindine dokotala, sukulu ndidalekeza kalasi 7. Zimene ndilankhule lero ndidaziphunzira kwa anamwino, zina ndidaziona ndi maso pakhomo pathu.

Nkhani yathu ndi ya kam'bulu kakang'ono kotchedwa prednisolona. Ku Zambia amalemba prednisolone, koma ndi kamodzimodzi. Ngati m'nyumba mwanu muli wina amene akumwa kam'bulu kameneka, muitaneni akhale pafupi.

Agogo anga obereka bambo ali ndi zaka zopitirira 60. Chaka chatha adayamba kuuma mapewa onse awiri, khosi ndi m'chiuno. M'mawa ankalephera kudzuka pamphasa mpaka wina awagwire. Kumanga duku kumutu sankatha chifukwa manja sankakwera. Dzuwa likafika pamutu thupi linkamasukako, koma mawa lake zomwezo. Ena adati ndi ukalamba, ena adati adaponda mankhwala panjira. Mphini adatemera, osasintha. Titapita nawo ku Tete, adokotala adawapima magazi, adawafunsa mafunso ambiri, nkutiuza kuti ndi mtundu wina wa nyamakazi wotchedwa polymyalgia rheumatica. Dzinalo musavutike nalo, ngakhale ine lilime limapindika. Matendawa amagwira anthu opitirira zaka 50, makamaka amayi. Amapezeka kwambiri kumpoto kwa Ulaya, kuno ndi apo ndi apo. Ndiye musamve kuti aliyense womva mapewa kuwawa ali nawo. Wopalira tsiku lonse mapewa amamuwawanso.

Koma kam'buluka kokha kali m'nyumba zambiri. Amapatsa odwala mphumu, nyamakazi ya m'mfundo, ana otupa thupi chifukwa cha impso, odwala khate mitsempha ikatupa, ndi ena odwala TB. Choncho zimene ndikunenazi zikukhudzani nonsenu.

Agogo adawayambitsa ndi mibulu itatu patsiku. M'bulu uliwonse ndi wa 5 mg, ndiye kuti 15 mg. Tsiku lachitatu ndidawapeza akusesa pabwalo, duku atamanga okha. Mankhwala a mtundu umenewu ndi otero. Pamene adawayesa koyamba ku America mu 1948, mayi wina amene nyamakazi idamugoneka adadzuka nkuyenda pasanathe sabata. Ndipo msampha wagona pomwepo. Ululu ukatha, munthu umati ndachira.

Adokotala adatilembera pakapepala chonchi: mibulu itatu kwa masabata atatu, kenako iwiri ndi theka kwa masabata atatu, kenako iwiri kwa mwezi wathunthu. Zikatero kutsika kwake kumakhala kwa kamba, pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Adatiuziratu kuti ulendowu umatenga chaka chimodzi kapena ziwiri, ena kupitirira. Umenewu ndi muyeso wa agogo anga. Musautengere. Wanu akulemberani ndi adokotala anu.

Tsono mverani chimene chidachitika, ndipo cholakwa china chinali changa. Mu Januwale mibulu idatsala yochepa. Ndidaona ndithu, koma ndidati tiyambe tamaliza kupalira. Mvula idagwa masiku anayi, mtsinje udadzaza, njinga yamoto osawoloka. Mibulu idatha. Agogo adati, "Usavutike mdzukulu wanga, ine ndidachira kale." Nanenso ndidavomera. Pasanathe masiku atatu adafooka ngati nsanza yonyowa. Nsima adakana, adayamba kusanza, m'mimba kupota. Ataimirira kuti apite kuseri, chizungulire chidawagwetsa pakhomo. Ife tinkati ndi malungo. Madzi atatsika tidawanyamula mpaka kuchipatala. Malungo sadapezeke, koma magazi ankayenda mofooka kwambiri. Anamwino atafunsa za mankhwala amene amamwa, ndi pamene ndidatulutsa kapepala kaja. Adawaika diripi, adawabaya jakisoni, nkuwabwezera pa mibulu. Tikadachedwa tsiku lina, bwenzi lero ndikukamba nkhani ya maliro.

N'chifukwa chiyani zimatero? Pamwamba pa impso zathu ziwiri pali timinofu ting'onoting'ono tiwiri. Timeneti timapanga mankhwala a m'thupi otchedwa cortisol, amene amathandiza kuti magazi aziyenda ndi mphamvu, shuga asatsike kwambiri, ndi kuti thupi lipirire tikadwala kapena tikavulala. Prednisolona imagwira ntchito yomweyo. Ndiye ganizani za munthu amene mnansi akumubweretsera ufa m'mawa uliwonse. Kodi apitanso kuchigayo? Mtondo amauvundikira, musi nkuuponya kuseri. Timinofu tija timachitanso chimodzimodzi. Mukamwa mibuluyi kupitirira masabata atatu, timagona. Mukasiya mwadzidzidzi, kunja sikukubwera kanthu, m'kati namo simukupangidwa kanthu. Timinofuti sitidzuka tsiku limodzi, timafuna masabata, nthawi zina miyezi. Amayi mukudziwa mmene mumaletsera mwana kuyamwa. Mumayamba mwamuzoloweza phala.

Mwina wina afunsa kuti, nanga bwanji osangomwabe itatu mpaka kale, poti imathandiza? Ayi, kumeneko kulinso dzenje. Kumwa yambiri nthawi yaitali kumakweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Mafupa amafewa, moti gogo kungoterereka pachitsime, chiuno chathyoka. Nkhope imatupa nkukhala yozungulira, khungu limapyapyala, zilonda zimachedwa kupola, m'maso mumatha kuchita ng'ala. Chitetezo cha m'thupi chimatsika, ndipo TB yomwe idagona imatha kudzuka. N'chifukwa chake adokotala amafunafuna muyeso wochepetsetsa umene ungagwire matenda, nkumatsitsa pang'onopang'ono. Kukhala pamwamba n'koopsa, kudumpha n'koopsanso. Potsika padenga la nkhokwe timapondera makwerero limodzilimodzi.

Kutsikako sikuyenda bwino nthawi zonse, ndisakunamizeni. Agogo atafika pa mibulu iwiri, adokotala adati azimwa iwiri lero, umodzi ndi theka mawa, kusinthanasinthana. Masiku oyamba thupi lidaphwanya, adakhala okwiyakwiya, koma pakutha pa sabata zidatha zokha. Titatsikanso mwezi wotsatira, kuuma kwa m'mawa kuja kudabwerera ndipo sikudachoke. Tidabwerera kuchipatala, adawakweza pa muyeso wakale kwa kanthawi, kenako tidayambanso kutsika. Zimenezi zimachitikira odwala ambiri, si kulephera ayi. Chimene sitichita n'kudzikwezera tokha kunyumba kapena kudzitsitsira tokha.

Agogo sadziwa kuwerenga. Ndiye tidatenga mabokosi a machesi asanu ndi awiri, lililonse tsiku lake. Lamulungu madzulo ndimaika mibulu ya sabata yonse. Akamwa, mdzukulu wina wa kusukulu amalemba kamtanda pakalendala. Amamwa m'mawa atadya phala kapena mbatata, osati m'mimba mopanda kanthu, osatinso usiku chifukwa imathawitsa tulo. Theka la m'bulu timadula ndi lezala latsopano potsata kamzere kapakati. Ndiwo timayesetsa kuti pazikhala kapenta wodya ndi minga yomwe, bonongwe, nkhwani, ndi mkaka ukapezeka, pofuna kulimbitsa mafupa. Mchere ndi shuga tidachepetsa. Pa shuga wa mu tiyi mpaka lero timakangana.

Tsopano za ife a m'malire. Ambiri timapita uku ndi uku: lero ku Centro de Saúde, mwezi wamawa chipatala cha ku Zambia poti n'chimene chili pafupi ndi kumunda. Palibe cholakwa. Koma nyamulani kapepala kanu ka mankhwala kulikonse mukupita, mukakulunge m'pulasitiki. Mukapanda kunena, akhoza kukupatsani mibulu yomweyo kachiwiri m'paketi ya mtundu wina, inu nkumamwa zonse mukuyesa n'zosiyana. Nenaninso ngati mukumwa ma ARV kapena mankhwala a TB, chifukwa ena mwa amenewa amasintha mphamvu ya prednisolona m'thupi. Ndipo musaphatikize ndi ibuprofen kapena diclofenac musanafunse. Zimenezi pamodzi zimaboola zilonda m'mimba.

Za pamsika nazo ndinene, ngakhale ena andida. Pali timibulu timene amagulitsa pamphasa, amati n'tothetsa kuphwanya kwa thupi kapena tonenepetsa. Tina mwa timeneti ndi dexamethasone, m'bale wake wa prednisolona, koma wamphamvu kuposa kasanu ndi kamodzi pa muyeso wofanana. Kunenepa kwake si thanzi, ndi kutupa. Ngati mwakhala mukumwa timeneti kwa masabata, musataye lero chifukwa chomva ine. Tengani paketiyo mupite nayo kuchipatala, anamwino akuthandizeni kutsika.

Pali nthawi zimene simuyenera kudikira kuti kuche. Munthu wa pa mibuluyi akayamba kusanza moti mankhwala sakukhala m'mimba, akatsegula m'mimba kwambiri, akatentha thupi, akafooka kapena kubalalika mutu, pitani naye tsiku lomwelo, ndipo mawu oyamba mukafika akhale akuti, "Amamwa prednisolona." Thupi lodwala limafuna cortisol wochuluka, koma timinofu tija tili mtulo. Kwa odwala matenda ngati a agogo anga palinso china. Mutu ukayamba kuwawa m'litsipa mwachilendo, nsagwada zikamatopa ndi kuwawa potafuna, khungu la kumutu likamapweteka popesa, kapena maso akachita mdima ngakhale kwa kanthawi, thamangani. Pamenepo mitsempha ya magazi ya kumutu ikhoza kukhala yatupa, ndipo diso likafa nazo silibwerera.

Mvula isanayambe mu Novembala, werengani mibulu yanu. Auzeni anamwino kumene mumakhala ndi mtsinje umene mumawoloka, muwafunse ngati angakupatseni yokwanira kufika tsiku lobwereranso. Pitani kukatenga ina pamene yatsala ya masabata awiri, osati ya masiku awiri monga ndidachitira ine. Ngati ndalama ya chapa yavuta, uzani a APE a m'mudzi mwanu kapena ife ma activista nthawi ilipo, tiganizire limodzi.

Agogo tsopano ali pa m'bulu umodzi patsiku. Dzulo adapita okha kudimba kukathyola ndiwo. Mibulu yawo ndawerenga, ifika mpaka Epulo, ndipo kapepala kawo kali m'chikwama chopachika kuseri kwa chitseko, pamene aliyense wa pakhomo akudziwa. Amene muli ndi mafunso mundipeze ku Centro de Saúde tsiku la sikelo ya ana, mubwere ndi mapaketi a mankhwala anu onse.