Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Tsiku la Mzinda wa Tete

 Ine mwandikhazika pamthunzi, ambirinu muli padzuwa, ndiye sindichulutsa gaga m'diwa.

Kwathu ndi ku Angónia. Ulendo wanga woyamba kuno ndinakwera pamwamba pa lole ya mbatata ya kachewere, nditavala jekete yokhuthala ya ku Ulongwe. Titadutsa Moatize ndinaivula. Pofika pamlatho ndinkalakalaka nditavulanso khungu. Mayi wina wogulitsa masau, atandiona ndili wefuwefu, ananditungira madzi a mumtsuko osafunsa n'komwe kuti ndine mwana wa yani. Ine Chichewa, iwo Chinyungwe, tinamvana bwinobwino. Tinangosiyana pamtengo wa mbatata.

Lero, pa 21 Malichi, tikukumbukira 1959, chaka chimene Tete anatchedwa mzinda. Komatu chikalata chomutcha mzindacho chinapeza Tete ali kale ndi imvi. Apwitikizi asanakhazikike kuno m'zaka za m'ma 1530, amalonda achiswahili ankakwera kale Zambezi ndi nsalu ndi mikanda, kudzasinthanitsa ndi golide wa kwa Mwene Mutapa ndi minyanga ya njovu. Linga la São Tiago Maior linamangidwa kuti lilondere malonda amenewo. Ndipo tisabise, ana athu ali pano: msika womwewo unagulitsanso anthu, ena a iwo makolo athu. David Livingstone atafika mu 1856, anasiya kuno Amakololo amene anamuperekeza, iye n'kutsikira kunyanja.

Mlatho wa Samora Machel, wolendewera pazingwe uja, unatsegulidwa mu 1973. Kale anthu ankawoloka pa pantoni. Wa Kassuende unabwera mu 2014 kudzaulandira katundu wa malole. Misewu ya ku Zóbuè, Cuchamano ndi Cassacatiza imakumana pano, ndege zimatera ku Chingodzi, magetsi akuchokera ku Cahora Bassa.

Koma mlendo wanga sindipita naye kumlatho. Ndimapita naye ku Kwachena m'mamawa, akaone nsomba zouma za chicoa zitasanjidwa, kapenta m'mabeseni, malambe m'matumba, akamve mayi akuwerengera Mmalawi mtengo m'mametikali kenako m'makwacha, osagwira cholembera. Masana adye nyama ya mbuzi ya ku Tete, yomwe ngakhale ku Maputo amaitchula ndi dzina. Ena amati imakoma chifukwa mbuzi zake zimadya masau ndi malambe. Ine sinditsutsa, ndimangowonjezera mbale.

Malasha a ku Moatize amakwera sitima kupita ku Beira ndi ku Nacala, ife n'kutsala ndi fumbi pamalaya. Mbuzi, nsomba ndi tomato ndiye zimalipirira ana sukulu m'nyumba zambiri za ku Matundo ndi ku Mpadue. Choncho pempho langa kwa akhonsolo, a makampani ndi ife ogula n'laling'ono: pamsika uliwonse pakhale mpopi wotuluka madzi, chimbudzi chosamalika, ndi mitengo. Mitengoyo tibzale mvula ikadalipo. Mbande makumi awiri zoyamba ndigula ndine, ndipo alembi alembe, kuti ndikaiwala mudzandikumbutse pagulu.

Ndaona oimba nyanga amanga kale maseche kumiyendo, ndipo Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, sadikira munthu wolankhula. Mwambo wathu ndautsegula.