Khutba ya Ijumaa: Mwana Amalankhula Kudzera M'masewera

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, Mbuye wa zolengedwa zonse. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wathu Muhammad (S.A.W.), akubanja lake ndi maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo olemekezeka m'Chisilamu, lero tikumbutsane za ana athu amene akusenza chisoni chomwe ife akuluakulu sitikuchiona. M'mwezi wa Marichi 2023 namondwe wa Freddy adasakaza chigawo cha kummwera, ndipo anthu oposa theka la miliyoni adathawa m'nyumba zawo. Mu 2024 madzi osefukira adagwetsa nyumba ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota, nyanja nayo idakwera mpaka kulowa m'makomo a anthu okhala m'mphepete mwake. Tikudziwanso mabanja amene bambo adapita kukagwira usipa usiku, mwera n'kuwapeza, osabwereranso. Ife akuluakulu timalira, timachita duwa, timapepesana. Mwana timangomuuza kuti akhale chete, poganiza kuti sakuzindikira kanthu.

Komatu mwanayo akuzindikira, mawu okha ndi amene alibe. Chisoni chake chimatulukira kwina: ayambanso kukodza pogona pamene adaleka kalekale, adzidzimuka usiku, akakamira mayi ake, anjenjemera mvula ikachita mdima, kapena ayamba ndewu ku madrasa. Nthawi zambiri timamuthyolera mkwapulo n'kumati wayamba mwano, chonsecho tikuwonjezera bala pabala.

Taonani m'mene Mtumiki (S.A.W.) ankachitira. Mabuku a hadith akutiuza za kamnyamata kotchedwa Abu Umair, mng'ono wake wa Anas bin Malik, kamene kadali ndi kambalame kosewera nako. Kambalameko katafa, Mtumiki adaona kuti mwanayo wakhumata. Sadanene kuti imeneyo ndi nkhani yachibwana. Adamuyandikira, namufunsa mwanthabwala za kambalame kake. Tikuwerenganso kuti ankaswali atanyamula mdzukulu wake Umamah, ndipo tsiku lina adatalikitsa sijida chifukwa mdzukulu wake wamwamuna adamukwera kumsana. Ngati mtsogoleri wa Ummah wonse adapeza nthawi ya chisoni cha mwana mmodzi, ife tingawiringule chiyani?

Akatswiri a zamaganizo adafika pa mfundo yomweyi. Mu 1947 mayi Virginia Axline wa ku America adatulutsa buku lofotokoza njira yothandizira ana kudzera m'masewera. Ku Britain, mmisiri wojambula Adrian Hill, atadwala chifuwa chachikulu, adaona kuti kujambula kumapeputsa mtima wa wodwala, ndipo adayamba kuphunzitsa odwala anzake. Chinsinsi chake n'chakuti pa tsiku la ngozi mwana adalibe mphamvu iliyonse, koma m'masewera mphamvuzo amakhala nazo. Akaumba nyumba yadothi, n'kuigwetsa ndi madzi, n'kuimanganso, akubwereza zimene zidamuopsa pa liwiro limene iye angakwanitse, ndipo mapeto ake akusankha yekha. Pang'onopang'ono mantha amachepa, mawu n'kuyamba kubwera.

Zimenezi sizifuna ndalama. Mchenga wa kunyanja ulipo, dothi lilipo, makala ndi mawaya zilipo. Tili ndi masanje, phada, fulaye, bawo ndi nthano za madzulo. Tili ndi kaswida ndi dufu, zimene zimachititsa mwana wamanyazi kutulutsa mawu pamodzi ndi anzake. Tsono tikupempha zinthu zinayi.

Choyamba, kholo lililonse lipatule kanthawi kokhala pansi ndi mwana wake, mwanayo ndiye atsogolere masewerawo. Chachiwiri, tisamukakamize kufotokoza za tsiku loopsalo, ndipo tisamudzudzule akajambula nyumba yakugwa kapena bwato lomira. Tingomuuza kuti, "Tandifotokozera zimene wajambulazi," kenaka timvetsere. Chachitatu, aphunzitsi a madrasa apereke mpata wa masewera maphunziro akatha, ndipo akhale tcheru ndi mwana amene wasintha khalidwe mwadzidzidzi. Chachinayi, ana amasiye tisawasandutse antchito otunga madzi ndi kuyanika nsomba tsiku lonse pamene ana obereka tokha akusewera. Akulu akale adati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ena adzafunsa za lamulo la zithunzi ndi zidole. N'zoona kuti ma ulama adachenjeza za kupanga zifanizo za zinthu zamoyo. Koma tikudziwanso kuti mayi wathu Aisha (R.A.) ankasewera ndi zidole pamodzi ndi anzake m'nyumba ya Mtumiki, ndipo Mtumiki ataona kahatchi kake kamapiko adaseka, sadamuletse. Pachifukwa chimenechi ma ulama ambiri adalola zoseweretsa za ana. Amene mtima wake ukukayikabe, mwana wake ajambule nyanja, mapiri, mitengo ndi ngalawa, kapena aluke mkeka. Phindu lake silichoka.

Tisaiwale kuti masewera ali ndi malire. Ngati papita masabata angapo mwana akukana kudya, sakugona, wasiyiratu kulankhula, kapena akunena zofuna kudzipweteka, tipite naye kuchipatala msanga. Ngati masewera ake akuonetsa kuti wina akumuchita nkhanza, tisabise chifukwa choopa manyazi a pabanja; nambala yaulere ya 116 ilipo yothandiza ana. Kufuna chithandizo sikutsutsana ndi kuyedzamira mwa Allah, pakuti Mtumiki yemweyo adatilamula kufunafuna mankhwala.

Asilamu anzathu, ana ndi amana imene tidzafunsidwe pa tsiku lachiweruzo, ndipo funsolo silidzathera pa nsima ndi zovala. Tikupempha Allah kuti atonthoze mitima ya ana athu, awachitire chifundo amene adatisiya m'madzi ndi m'matope, ndipo atipatse ife makolo kuleza mtima. Ameen.