Thanki yachiwiri pa pikapu: tiwerengere kaye tisanawotcherere

Pa msonkhano wathu wa mwezi uno tinali ndi bambo wina, makaniko wa zaka zambiri kuno ku Mulanje, amene tinawapempha kuti atithandize maganizo pa nkhani yomwe yakhala ikutigawanitsa: kodi tiike thanki ina ya dizilo kumbuyo kwa pikapu imene imatinyamulira nanazi ndi nthochi kupita ku Limbe? Kwa amene simunabwere, nawa mawu awo.

Zikomo apampando, zikomo ana anga nonse. Ndikuona ena mwa inu mwabwera ndi tepi yoyezera m'thumba, ndiye kuti kumtima mwaiwotcherera kale thankiyo. Dikirani pang'ono.

Chimene chakupangitsani kuganiza zimenezi tonse tikuchidziwa. Kuyambira chaka cha 2022 mafuta akhala akusowasowa m'dziko muno. Mafuta athu amachokera kutali, amadzera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Ndalamazo zikavuta, ife pa Chitakale timagona pamzere. Nanazi sadikira mzere. Mukathyola lero, galimoto n'kukhala masiku atatu ilibe dizilo, katundu uja mumugulitsa motaya kapena mumutaya kumene. Ndiye ganizo lanu si lopusa ayi. Koma walira mvula walira matope. Lero ndabwera kudzakuonetsani matopewo, kuti mukasankha musankhe maso ali poyera.

Tiyambe ndi masamu. Mapikapu ambiri amene timayendera kuno, ngati Hilux, thanki yake imalowa malita pafupifupi 80. Tiyerekeze kuti ndi katundu galimoto ikumwa malita 10 pa makilomita 100 aliwonse. Kuchoka pa boma kupita ku Limbe kudzera msewu wa Midima ndi kubwerako, tiike makilomita 150 kuti tiphatikize zokhotakhota za m'midzi. Ndi malita 15 amenewo. Ndiye kuti thanki imodzi yodzadza ikupatsani maulendo asanu. Mukaonjezera ya malita 120, mwaonjezera maulendo asanu ndi atatu. Ubwino wake ndi umenewo, ndipo si waung'ono.

Tsopano kulemera. Lita imodzi ya dizilo imalemera pafupifupi magalamu 840. Malita 120 ndi makilogalamu 100, kuphatikiza chitsulo cha thankiyo, mwina 40. Pamenepo mwakweza matumba pafupifupi atatu a chimanga amene satsika, tsiku ndi tsiku. Amene mukufuna ya malita 200, amenewo ndi matumba anayi ndi kupitirira. Pikapu yotere inapangidwa kuti izinyamula pafupifupi tani imodzi, anthu okwera kutsogolo n'kuwawerengera momwemo. Ndiye dzifunseni: nanazi zingati zimene zizitsala pansi ulendo uliwonse kuti thanki ikwere? Mukapanda kuchotsera, masipuling'i, matayala ndi mabuleki ndi amene adzalipire.

Malo oiika ndi amodzi basi: kutsogolo kwa bodi, kutsamira kumene kumakhala dalaivala, patsogolo pa matayala akumbuyo. Mukaiika kumchira, kutsogolo kwa galimoto kumapepuka, chiwongolero chimayamba kusewera, komanso wina akakugundani kumbuyo amayambira pa thankiyo. Ikhale yaifupi, isapitirire m'mbali mwa bodi. Kumanga kwake si kwa zingwe kapena malamba a matayala ayi. Mabawuti olimba, odutsa pa zitsulo zopingasa za pansi pa bodi, okhala ndi zitsulo zophwatalala kunsi kuti asang'ambe lata. Pakati pa thanki ndi bodi muikepo labala wokhuthala, chifukwa bodi ya pikapu imapindika ikamadutsa m'mabampu a njira za m'minda ya tiyi, ndipo thanki yomangidwa gwa popanda chofewetsa imang'aluka pa mzere wowotcherera.

Inu amene mukuphunzira zowotcherera, apa tcherani khutu. Choyamba, musagwiritse ntchito chitsulo chonyezimira chija cha galvanised, chamtundu wa malata ndi ndowa. Dizilo amasungunula zinki wa pamwamba pake, ndipo zinki ameneyo amakathera ku ma injector. Gwiritsani chitsulo wamba chokhuthala bwino, mamilimita awiri kapena atatu, kapena aluminiyamu ngati muli ndi makina ake ndi munthu wodziwa. Chachiwiri, mkati mukhale zipupa zogawa, zobowola m'munsi kuti mafuta azidutsa pang'onopang'ono. Amene munasenzapo ndowa yosadzadza mukudziwa mmene madzi amakukankhirani. Ganizirani makilogalamu 50 akuthamangira mbali imodzi pamene mukukhota pa zitunda za ku Thyolo, msewu uli wonyowa. Chachitatu, mukamaliza muiyese isanaone dontho la mafuta: tsekani mabowo onse, popani mpweya wochepa kwambiri, pakani madzi a sopo pa mizere yonse. Pamene patuluke thovu, pamenepo pakudontha. Ndati mpweya wochepa. Mukailumikiza ku kompuresa ya matayala, itupa ngati chitumbuwa kapena ikuphulikirani.

Ndipo ili ndi lamulo limene ndikufuna mulisunge moyo wanu wonse, kaya thankiyi muipanga kaya ayi: chinthu chimene munalowapo mafuta, kaya ndi dilamu, kaya ndi thanki yakale, musachiyandikize moto wowotcherera kapena chodulira. Dilamu yopanda kanthu ndi yoopsa kuposa yodzadza, chifukwa imene imaphulika ndi nthunzi yotsalira mkati. Kutsuka ndi madzi kamodzi sikuchotsa nthunziyo. Thanki ikayamba kudontha itagwira kale ntchito, ipititseni kwa anthu amene ali ndi zida zoyeretsera.

Thanki imafunanso kupuma. Mafuta akamatuluka, mpweya uyenera kulowa, apo ayi thanki imafinyika kapena mafuta amaleka kuyenda. Dzuwa likawomba, dizilo amafufuma: malita 120 akatentha ndi madigiri 10 amaonjezeka pafupifupi lita imodzi. Choncho musamadzadze mpaka pakamwa, ndipo pamwamba pakhale kapaipi kopumira koyang'ana pansi kuti mvula isalowe, kokhala ndi valavu imene imadzitseka yokha galimoto ikagubuduzika. Kavalavu kameneko anthu amakasiya poti n'kovuta kupeza. Tsiku la ngozi ndi kamene kamasiyanitsa galimoto yongogwa ndi galimoto imene yathira mafuta pa anthu ali pansi.

Nanga mafuta achoka bwanji m'thanki yatsopano kupita ku injini? Pali njira ziwiri. Yotchipa ndi yongolumikiza paipi kuti mafuta azitsika okha kulowa m'thanki ya pansi, popeza ya pabodi ili pamwamba. Vuto lake ndi lakuti madzi sadziwa kuti mtsuko wadzadza. Dalaivala akaiwala kutseka kampopi, thanki ya pansi imasefukira, dizilo n'kumatayika njira yonse kuchokera pa Nkando mpaka pa Bangwe, kapena usiku wonse pabwalo. Ndipo paipi ikaduka, malita onse 120 amathera pansi. Dizilo pa tala amaterera ngati therere, amene amagwa ndi mnyamata wa kabaza amene akubwera pambuyo panu. Njira yabwino ndi ya pampu yamagetsi ya mavoti 12, yokoka mafuta kuchokera pamwamba pa thanki, yokhala ndi fiyuzi yake ndi switchi imene imagwira pokhapokha kiyi ali wotsegula. Geji ikatsika, mumayatsa, ikakwera mumathimitsa. Paipi ikhale ya mafuta yeniyeni, osati yothirira dimba, imene imafewa n'kusweka. Idutse kutali ndi ekizozi, ndipo paliponse pamene ikudutsa pa bowo la chitsulo pakhale labala.

Mdani wina ndi madzi, ndipo kuno kwathu, kunsi kwa phiri, mvula ndi chifunga sitichita kuitana. Thanki yokhala theka imachita thukuta mkati usiku kukazizira. Madziwo amakhala pansi pa dizilo, amabweretsa dzimbiri, ndipo pamene madzi akumana ndi mafuta pamamera tizilombo timene timapanga zinthu zakuda zonanda zotseka sefa. Injini zakale zinkapirira. Za masiku ano za common rail sizikhululuka, madzi pang'ono ma injector apita, ndipo mtengo wake ungapose phindu la nyengo yonse ya nanazi. Choncho pakati pa mathanki awiriwo pakhale sefa yolekanitsa madzi, pansi pa thanki pakhale kabawuti kokhetsera, ndipo mafuta asamagone miyezi. Za mafuta a m'mabotolo ogula m'mbali mwa msewu wa ku Muloza, simudziwa kuti asakanizamo chiyani. Lita zisanu zoipa m'thanki yaikulu zimaononga zonse.

Wina anandifunsa panja kuti, nanga petulo? Ayi. Ndikubwereza, ayi. Dizilo amafuna kutentha kopitirira madigiri 50 kuti atulutse nthunzi yogwira moto. Petulo amaitulutsa ngakhale pa Sapitwa m'mwezi wa June. Zonse ndanenazi ndi za dizilo yekha, ndipo ngakhale dizilo akadonthera pa ekizozi yotentha amayaka. Chozimitsira moto cha ufa chikhale pamalo pofikirika, osati pansi pa matumba.

Tsopano za malamulo, poti safunsa anadya phula. Nkhani zonse za kugulitsa, kunyamula ndi kusunga mafuta zili m'manja mwa bungwe la MERA, ndipo mukukumbukira kuti nthawi za kusowa kwa mafuta bungweli lakhala likuletsa kugula m'zigubu popanda chilolezo. Thanki ya pabodi, wothira mafuta kapena wapolisi akhoza kuiona ngati chigubu chachikulu. Pitani mukafunse, yankho mulitenge lolembedwa. Mukafunsenso ku Road Traffic, amene amayeza galimoto ndi kupereka COF, ngati kusintha kotereku akulola ndiponso pa mfundo ziti. A inshuwalansi nawo auzeni musanaboole bodi, chifukwa tsiku la ngozi chinthu chimene simunawauze ndi chimene adzayambire kuloza. Ndipo wina asalote zomagulitsako mafuta a m'thankiyo mzere ukatalika. Pamenepo mwasanduka ogulitsa mafuta opanda chiphaso, dzina la kalabu lapita.

Pali chinanso chimene makaniko wa m'tauni sangakuuzeni. Pikapu ya kumudzi si ya katundu yekha. Imanyamula odwala usiku, imanyamula anthu a kumaliro, imanyamula timu ya mpira. Anthu amenewo adzakhala pa thankiyo, wina ndi fodya wake. Ngati muiika, gwirizanani lero lomwe, mulembe m'buku la kalabu, kuti ikakhala ndi mafuta kumbuyo sikukwera munthu. Ngati mukuona kuti lamulo limenelo simungalisunge mfumu ikakupemphani galimoto ya maliro, ndiye kuti yankho mwalipeza kale.

Mukandifunsa maganizo anga, ndi awa. Thanki sipanga mafuta. Imathandiza munthu amene ali ndi ndalama zodzadzira tsiku limene mafuta alipo, komanso pamene eni malo omwetsera akulola kuthira ochuluka chotero. Tengani mtengo wa lita lero, muchulukitse ndi 120, muone ngati thumba lathu lingagoneke ndalama zimenezo m'chitsulo. Yambani ndi zosalira ndalama: kwa miyezi iwiri lembani malita ndi makilomita a ulendo uliwonse, lembani masiku amene katundu anagona chifukwa cha mafuta, musalole geji kutsika pansi pa theka, phatikizani maulendo ndi alimi anzanu. Bukulo likakuuzani kuti mukutaya zambiri kuposa mtengo wa thanki yopangidwa bwino, bwerani tidzajambule limodzi, ya malita 100 kapena 120, makalata onse ali m'manja. Anyamata ndi atsikana a zowotcherera adzaphunzirapo ntchito yoti n'kudyera mawa.

Apampando, ndaona manja awiri kumbuyoko. Tiyeni tiyambe ndi achemwali.